Mpini Wopanda Khasu

Munthu amene ndimadana naye kwambiri padziko lino, kuposa Satana, kuposa aphunzitsi a masamu amene anandithawitsa sukulu ndili Fomu Thu, ndi a Kamwendo. Lisungeni dzinalo. A Kamwendo ndi alamu awo a atsibweni anga, achimwene awo a akazi awo, a Nangozo. Mimba yawo imafika pa Nsaru iwo akadali pa Kabudula. Ntchito yawo ndi bawo, chaka chonse, dzinja ndi chilimwe. Koma mukamve pakamwa: "Khasu silinaphepo munthu." Akutero munthu amene khasu analigwira komaliza ine ndisanamere mano.

Koma kuti mumve bwino chimene ndimawadera, tiyambire ku Joni.

Atsibweni anali atatha kale zaka zambirimbiri kumeneko. Atabwera kudzacheza, anandipeza ndikungozungulira pa pulu pa Nsaru, sukulu nditaitsanzika. Amayi anangoti, "Achimwene, mutengeni uyu asanandiphe ndi mtima." Basi, ulendo unapsa.

Tsiku lonyamuka mudzi wonse wa kuchikamwini kwawo unabwera kudzatiperekeza. Musaganize kuti ndi chikondi. Aliyense anabwera ndi pempho lake. Uyu foni, uyu jekete, uyu nsapato za mwana amene sanabadwe n'komwe. A Kamwendo anagwira dzanja la atsibweni ndi manja awiri, ulemu wodzaza ngolo.

"Alamu, kanjinga kamoto kaja musaiwale. Miyendoyi yatopa."

Yatopa ndi chiyani? Kodi bawo amasewera ndi miyendo?

M'basi tinakhalamo masiku atatu. Matako anga anafika ku Joni ali ngati chigumu chopondedwa ndi ngolo. Tinkagona m'kanyumba ka malata okhaokha, kumeneko amati mkuku, amuna asanu ndi mmodzi, tonse akumudzi. Kutembenuka kunali kopangana. Wina akati "Tembenu!" tonse pamodzi, apo ayi wina aphwanyika nthiti. Kuzizira kwake musanene. Ukalavula, malovu ankagwa pansi kuti ngwee, ngati ndalama yachitsulo. Mukuti ndikunama? Pitani mukalavule nokha.

Ntchito inali yomanga chinyumba chosanjikizana, chachitali moti akhwangwala ankapumira pakati. Chikepe chokwezera katundu chinafa sabata yoyamba, ndipo sanachikonzenso. Achikonzerenji ife tilipo? Simenti, njerwa, mchenga, zonse pamsana, pa masitepe. Ine thumba limodzi la simenti ndinkakwera nalo ndikuitana amayi. Atsibweni awiri. Awiri, anthuni! Limodzi phewa ili, lina phewa ilo, osadandaula, osayang'ana kumbali. Kapitawo ankawakonda ngati mwana woyamba. Kulikonse kolemera umangomva "Malawi! Malawi!" ndipo atsibweni uyo, thumba paphewa. Kuyambira kusanache mpaka dzuwa kulowa. Buledi tinkadya choimirira. Kukhala pansi unali mlandu woposa kuba.

Ndiye tsidya la msewu kunali jimu, khoma lake galasi lokhalokha. Ukafika pamwamba umaona zonse. Anthu akuyenda pa chimakina, akuyenda, akuyenda, thukuta kamukamu, koma osafika kulikonse. Ena akunyamula zitsulo n'kuzibwezera pomwe azitenga. Kunyamulanso, kubwezeranso. Ndiye nditamva kuti amalipira kuti achite zimenezo, ndinatsala pang'ono kugwa kuchokera kumwambako.

Atsibweni ankaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, waiona misala ya anthu andalama? Ife jimu yathu imatilipira. Awo adzafa ndi mafuta, ife tidzawakwirira."

Ine ndinakhulupirira. Ndikanakana bwanji? Mikono inali itayamba kutupa, ndinkadzijambula pa foni n'kumatumizira atsikana onse a pa Nsaru, ngakhale amene anandikana.

Mwini chinyumbacho anali mzungu wina wokalamba, ife tinkamutcha Gwape. M'mawa uliwonse ife tili kale pa ulendo wachisanu wa simenti, iye uyo akudutsa, akuthamanga popanda womuthamangitsa, atavala kabudula. Inde, dzina la kwathu iye analivala m'chiuno. Timiyendo ngati mapesi, koma liwiro lake galu akhoza kupempha madzi. Ola limodzi basi. Akatero akasambe, adye zipatso, akhale pampando wofewa. Kapitawo ankati mkuluyo anadutsa kale zaka sevente, ali ndi zidzukulutudzi.

Tsiku lina anaima kudzaona nyumba yake, n'kukumana ndi atsibweni pa masitepe, matumba awiri ali paphewa. Anawaimitsa. Osati kuti atule kaye, ayi, akadali chisenzere. Anawafinya mkono ngati munthu wogula ng'ombe pamsika, n'kulankhula chizungu chake cham'mphuno, kapitawo akumasulira.

"Akuti madala awa ndi amphamvu zedi, pa msinkhu wawowu. Akuti iwonso akadzafika zaka zanuzo akufuna adzakhale ngati inu."

Anyamata onse anafa nacho chikhakhali. Atsibweni anali ndi zaka fote-sikisi. Gwape akanatha kuwabereka, n'kutsalanso ndi zaka zosewerera mpira.

Titaweruka atsibweni anandibwereka kagalasi kanga kosweka. Anadziyang'ana nthawi yaitali, kutembenuza nkhope uku ndi uku.

"Mphwanga, kodi zoona ine ndikuoneka wamkulu kwa mzungu uja?"

"Ayi atsibweni, ndi simenti chabe ili kumutuyo."

Anasamba kawiri. Simentiyo sinachoke.

Lamulungu anthu a ku jimu aja ankakwera njinga za kapalasa kumapita kopanda maliro, kopanda ukwati, kungopita. Ife mu mkuku tinkagona ngati mitembo yodikira abale. Chisangalalo chathu chinali chimodzi. Akuluakulu onse asanu ankagona chafufumimba pansi, mzere, ndiye ine, poti ndinali wopepuka, ndinkavula nsapato n'kumayenda pamisana pawo. Misana inkalira ngati munthu akuthyola nkhuni. Uyu, "Pamenepo, mfana, pondanso!" Uyo, "Mulungu akupatse mkazi wabwino!" Wina ankalira misozi yeniyeni kwinaku akuseka. Msana wa atsibweni wokha sunkalira. Unali gwa ngati chitseko cha kusitolo.

Anagwa tsiku Lachitatu, pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri. Ine ndinali kumbuyo kwawo. Anangoima, n'kunena kuti, "Mphwanga, ndani wazimitsa magetsi?" Dzuwa lili pamutu. Matumba anagwa kuti phii, fumbi mpaka Zimbabwe, iwo n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene akupepesa. Dzanja lamanzere linali lende, pakamwa papotoka pang'ono. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi nthawi ya ntchito.

Kuchipatala womasulira ndinali ine. Chizungu changa chonse cha Fomu Thu chinathera pamenepo. Nesi anawamanga chilamba pamkono, kupopa, kuyang'ana, kupopanso, n'kuitana mnzake kuti adzaone.

"Akuti magazi anu akuthamanga kwambiri, atsibweni. Akuti mwachita mwayi, kameneka ndi kachenjezo chabe. Chachikulu chikubwera mukapanda kusintha."

"Kusintha chiyani?"

"Akuti mapiritsi tsiku ndi tsiku. Mchere pang'ono. Zolemera basi, mwasiya. Ndiponso akuti muzichita masewera olimbitsa thupi."

Ndinaona ngati agwanso kachiwiri.

"Masewera? Ine? Tawafunsa mayiwa, matumba aja amanyamula ndi agogo awo? Magazi akuthamanga, ndiye akuti inenso ndizithamanga, tipikisane?"

Ndinafunsa, koma za agogozo ndinazisiya. Nesi sanakwiye. Anafotokoza kuti kulimbitsa thupi ndi kugwira ntchito yakalavulagaga ndi zinthu ziwiri. Wothamanga mtima umakwera kanthawi, n'kutsika, n'kupuma, mawa umadzuka wolimba. Wonyamula katundu tsiku lonse mtima umakwera m'mawa n'kukhala komweko, mawa chimodzimodzi, chaka ndi chaka, osapatsidwa mpata wobwerera m'malo. Ine kuti amve ndinawonjezera zanga.

"Akuti ng'ombe ya pangolo mukaithamangitsa pang'ono, n'kuimasula, idye, igone, imalimba. Koma mukaisiya pagoli kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka chonse, mukudziwa nokha."

Apo atsibweni anamva. Ng'ombe amazidziwa.

Apo m'pamene mutu wanga unatseguka, mutu womwe aphunzitsi a masamu anati ndi dzungu. Gwape ankathamanga yekha ola limodzi n'kukapuma. Atsibweni, magazi ndi amene ankawathamangira, osapuma, zaka zonsezo. Jimu yotilipira ija inkatidya.

M'mawa mwake ndinapita kukatenga nsapato zawo kuntchito. Ndinapeza kapitawo akukuwa "Malawi! Malawi!" ndipo wina watsopano, wa ku Mchinji, akuthamangira thumba. Dzina lomwelo, msana wina. Gwape anadutsa ndi kabudula wake n'kundibayibitsa. Ndinamutukwana m'Chichewa cha pansi penipeni, chimene sindingabwereze pano, iye n'kumwetulira, kuganiza kuti ndikumupatsa moni.

Tinabwerera kumudzi mvula itagwa kale, anthu ali pa kupalira. A Nangozo atawaona amuna awo analira, iwo okha ndi amene ndimawachotsa pa mlanduwu. Ena onse maso anali pa zikwama. Mudzi unali utasintha: malata pa nyumba ya a Kamwendo, malata pa nyumba ya apongozi, khola la nkhumba lanjerwa, ndi njinga yamoto yofiira ili pamthunzi ngati mkwatibwi. Zonsezo zinakwera masitepe pamsana pa munthu mmodzi.

"Takulandirani alamu," anatero a Kamwendo. "Ndiye mwatitengera chiyani?"

"Mapiritsi," ndinayankha ine.

"Iwe, akulu akamalankhula."

Ku chipatala chathu chaching'ono anatinyamula ndi a Kamwendo omwewo pa njinga ija, atatu, ine nditakhala pa chitsulo chakumbuyo. Adokotala ananena zomwe ananena nesi wa ku Joni, ngati anaimbirana foni. Khasu ayi. Katundu ayi. Kuyenda ndawala tsiku lililonse mpaka kathukuta kabwere, kenako kupuma. Ndiye anasuzumira pakhomo pomwe a Kamwendo anatsamira, n'kuloza ndi cholembera.

"Komanso kungokhala tsiku lonse ngati achimwene awo, nakonso kumapha. Bwerani ndikuyezeni, bambo."

A Kamwendo anati ali ndi changu. Kuyambira tsiku limenelo, pakamwa pawo, dokotala uja anasanduka mwana wosadziwa kanthu, wongowerenga mabuku a azungu.

Tsono tamverani. Ku Joni munthu akhoza kuyenda popanda kopita, anthu n'kumamuchitira ulemu. Kwathu kuno yesani. Mwamuna wamkulu, mkamwini, nthawi yopalira, m'mawa, manja lendelende pamsewu! Tsiku loyamba ndinawaperekeza. Sitinayende mtunda woti n'kutchula.

"Mwadzuka bwanji? Kodi kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu."

"Nanga mukupita kuti?"

"Ndikungoyenda."

"Kungoyenda? Eti?"

Munthu aliyense funso lomwelo, mpaka mbuzi zinkatiyang'ana mofunsa. Pofika Loweruka nkhani inali itabereka ana. Ena ankati ali ndi chibwenzi kutsidya kwa dambo. Ena ankati anabwera ndi chizimba cha ku Joni chofuna kuti azizungulira mudzi, ndipo chimanga cha anthu chizisamukira m'munda mwawo. Mayi wina anabisa ana titadutsa.

Kenako a Kamwendo anabwera pakhomo, osakhala n'komwe pansi, akulankhula mokweza kuti amve ndi a kuseri.

"Alamu, pamudzi pano sitinasungepo mkamwini woyenda ngati nkhuku yopanda khola. Munda wa mlongo wanga wamera thengo. Odwala amagona. Woyenda ndi wochira, ndipo wochira amalima. Khasu silinaphepo munthu."

Atsibweni akanatukwanidwa ndi kapitawo, ndi mzungu, akanapirira. Koma mawu akuti mlesi, kuchikamwini, pamaso pa akazi awo, amenewo anawalowa mpaka m'mafupa. M'mawa mwake tinadzuka iwo kulibe, khasu kulibe. Tinakawapeza dzuwa litakwera, atagona cham'mbali pakati pa mizere ya fodya, magazi akutuluka m'mphuno, khasu akadaligwira. Anali atapalira mizere yoti anyamata atatu akanaitha mawa lake. A Nangozo anakhala pansi m'matope n'kuika mutu wa amuna awo pamiyendo.

"Mukufuna mundisiyire chiyani, malata? Ndidzagona ndi malata ine?"

Atsibweni anadzuka, mwa chisomo. Adokotala anati kachitatu sadzadzuka, ndipo sanaseke ponena.

Ndiye vuto linali ili. Akagwira khasu, afa. Akangokhala pakhonde, afa pang'onopang'ono, ndi manyazi omwe. Akayenda manja lende, mudzi uwadya amoyo. Masamu amenewa aphunzitsi aja sakanawatha. Ndinawatha ine.

Ndinatenga khasu lawo, kumenyetsa mpini pamwala, khasu n'kuguluka. Chitsulocho ndinakabisa kumene ngakhale chiswe sichingachipeze. Kumutu kwa mpini ndinamangako katoni yopinda, n'kukulunga ndi kathumba ka feteleza. Ukaona patali, khasu lenileni.

"Atsibweni, nali khasu lanu. Muzipita nalo kudimba la kutsidya, mukafika muzibwerera."

Analinyamula, kuliyeza m'manja, n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, ukundisandutsa chidole?"

"Chidole chamoyo, atsibweni. Chinacho ndi mtembo wolimbikira ntchito. Sankhani."

Anandiponyera nsapato, koma m'mawa mwake ananyamuka, mpini paphewa.

Anthuni, mudzi wonse unachira! Palibenso wofunsa kuti kwagwanji.

"Kumunda?"

"Eee, kumunda."

"Mulimbike!"

Wina anafunsa chifukwa chake khasu lavala malaya. Atsibweni, osaphethira n'komwe: "N'la ku Joni ili, limaopa dzimbiri." Ndinanyadira. Bodza limayenda m'magazi, ndinatengera kuchimalume.

Mizere yawo tinkapalira ine ndi a Nangozo. Koma ine ndimapalira mwanzeru tsopano. Ndikatopa ndimakhala pansi pa mango, ndipo wofuna kunditchula mlesi abwere ndi mano osungira. Masabata anadutsa. Atsibweni anayamba kugona tulo, mutu unasiya kuwawa, dzanja lija linayamba kugwira kapu osataya tiyi. Adokotala anapopa chilamba chija n'kugwedeza mutu mokondwa. Imvi zokha n'zimene zinakana, simenti ya ku Joni sichoka.

Chinatiulula ndi njoka.

Tsiku limenelo ndinawaperekeza, ndipo pobwerera tinadutsa pa mtengo wa bawo. Amuna ngati khumi, a Kamwendo pakati ngati nkhokwe. Mwadzidzidzi wina anakuwa, "Njoka!" Inali kanjoka, koma tinene kuti inali yaitali ngati msewu wa ku Mchinji, chifukwa ndi mmene a Kamwendo amaifotokozera. Anadumpha, koyamba m'mbiri ya dziko lino, n'kuthamangira kwa atsibweni.

"Alamu, khasu! Bweretsani khasu!"

Anatsomphola mpini paphewa, kuukweza m'mwamba, kathumba n'kuvuka, katoni n'kugwa pansi kuti phaa. Anatsala atagwira mtengo wosalala. Njoka inaima, inayang'ana, inachita manyazi m'malo mwathu, n'kulowa pa udzu.

Kenako chiphokoso cha kuseka, mbalame zonse kuthawa mumtengo. A Kamwendo akupuma ngati nkhumba yokwera phiri chifukwa cha masitepe anayi amene anathamanga, koma pakamwa pokha sipanatope.

"Taonani! Taonani mkamwini wathu! Mwezi wathunthu akupita kumunda ndi ndodo! Alamu, khasu lake lili kuti? Kapena munasiya kwa chibwenzi chija?"

Ine ndinali nditatola kale theka la njerwa, sindibisa. Atsibweni anandigwira mkono ndi dzanja lomwe lija linali lende, ndipo linagwira zolimba. Anayang'ana alamu awo kuyambira kumapazi mpaka kumimba, poti nkhope inali kuseri kwa mimbayo.

"Khasu lake mukulifuna, alamu? Munadya kale. Lina lili padenga panu. Lina mumakwera tsiku ndi tsiku, lofiira lija. Lina lili m'khola, likulira kuti nguu nguu. Ine ndinatsala ndi mpini wokhawu." Anadzigunda pachifuwa. "Uwu. Ndiye mukufuna muuthyolenso, muwotche moto?"

Palibe anaseka. Mkulu wina anayamba kuwerenga nkhomo za bawo zimene anali ataziwerenga kale. A Kamwendo anangotambasula dzanja kuti abweze mpini uja.

"Sungani," anatero atsibweni. "Muzitsamira."

Ndipo anatembenuka n'kumapita kunyumba pakati pa msewu, manja onse awiri akugwedezeka poyera, ndawala, ngati Gwape amene. Ine pambuyo, njerwa ndinaitaya mwaulemu pafupi ndi phazi la a Kamwendo.

Mpaka lero amayenda choncho, m'mawa uliwonse, manja lende. Anthu sanasiye kulankhula, musaganize kuti mudzi unatembenuka mtima. Za chibwenzi zikadalipo, za chizimba zinakula, akuti tsopano ali ndi fisi. Kuchikamwini moni amawapatsa wa m'mphuno. Koma wina akafunsa kuti mukupita kuti, amangoti, "Ndikuthawa inu," osachepetsa liwiro. Masiku ena a Nangozo amawatsatira, atanyamula ndowa yopanda madzi pamutu. Amenewo manyazi sanawathere.

Za Joni anyamata a pa pulu amandifunsa, akufuna njira. Ndimawauza kuti pitani, ndalama iliko, koma mukamva wina akuti jimu yathu imatilipira, mufunseni zaka zake, kenako mumuyang'ane kumutu. Gwape ndikudziwa akuthamangabe, munthu uja adzakwirira dziko lonse. Sindimufunira zabwino. Ndimangofuna atsibweni amupose ndi tsiku limodzi.

A Kamwendo ndiye akadali pa mtengo paja, akukula cham'mbali. Kuchipatala anakana. Mpini anausunga, uli pakhonde pawo, ndipo sanandifunsepo kumene kuli chitsulo chake. Chilipo. Ndimachipaka mafuta, chisachite dzimbiri. Ndikudikira tsiku lawo, tsiku limene atsibweni adzapite wapansi, ndawala, kukakhala pampando wa olira, osagwira ntchito iliyonse. Tsiku limenelo ndidzachitulutsa ndekha, ndichikhomere pa mpini womwe uja, ndikapereke kwa adzukulu kumanda.

Khasu silinaphepo munthu, eti? Chabwino, a Kamwendo. Koma limakwirira.